Khansala Wokhalitsa: Mfundo Zofunika kwa Ife a ku Domasi

Munthu amene anapambana ukhansala pa 20 Meyi 2014, n'kupambananso pa 21 Meyi 2019, kenako pa 16 Seputembala 2025, ndiye amene tingamutchule khansala wokhalitsa m'Malawi wa lero. Pofika chisankho chachitatucho anali atatumikira zaka 11. Chibwerere matipate, palibe khansala amene angawerenge zaka 20 zotsatizana ali pampando, ngakhale anthu ake akanamukonda chotani, chifukwa mpando weniweniwo unkachotsedwa. Ku Britain ndi ku America si zachilendo kumva kuti munthu wapuma atatumikira khonsolo ya kwawo zaka 30. Ife mwayi woona munthu akumera imvi pa ntchito imeneyi tangoyamba kuupeza tsopano. N'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino ife a m'chigwa cha Domasi, kuyambira m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa mpaka kumadambo a ku Chilwa, tisinkhesinkhe za munthu wotere: phindu limene dera limapeza mwa iye, zimene zimamuwononga, ndi mbali yathu ife omuvotera.

1. Ntchito yoyimitsidwayimitsidwa siikhwima, ndipo olola kuti iziyimitsidwa ndife.

Makhonsolo a maboma anakhazikitsidwa ndi lamulo la atsamunda la 1953. Pofika nthawi ya ufulu mu 1964 anali ndi mphamvu ndithu: ankayang'anira sukulu za pulayimale, misika ndi misewu ya m'midzi, ndipo ankatolera ndalama zawo. Dziko litasanduka la chipani chimodzi mu 1966, mphamvuzi zinayamba kukokedwera ku likulu ndi ku makomiti a chitukuko otsogoleredwa ndi a DC, ndipo munthu sakanakhala khansala chipani chisanavomereze. Matipate atabwera mu 1994 ambiri tinkayembekeza kuti makhonsolo atsitsimuka, koma mu 1995 boma linawathetsa. Mu 1998 kunabwera lamulo latsopano la maboma ang'onoang'ono, limodzi ndi ndondomeko ija timaitchula kuti mphamvu ku anthu. Chisankho chinachitika pa 21 Novembala 2000, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa, pafupifupi 14 okha ndi amene anapita kukaponya voti. Nthawi ya makhansala amenewa itatha mu 2005, chisankho china chinkangolengezedwa n'kusunthidwa, kulengezedwa n'kusunthidwa, mpaka panadutsa zaka 9. Mwana amene anayamba Sitandade 1 m'chaka cha 2005 anakafika ku sekondale asanaonepo khansala ndi maso ake.

M'zaka zimenezo nkhani za boma la Zomba, monganso maboma ena onse, zinkakambidwa pa bwalo la upangiri la a DC, aphungu, mafumu ndi anthu ena oitanidwa. Munali anthu anzeru ndithu m'bwalomo. Koma panalibe munthu wosankhidwa ndi wodi amene akanaima n'kufunsa kuti ndalama ya mlatho wakuti yapita kuti, iye akudziwa kuti akapanda kufunsa anthu adzamuchotsa. Makhansala anabwereranso pa chisankho cha patatu cha 2014, chimene chinachitika mtsogoleri wa dziko ali Mayi Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia konkuno.

Tikhoza kuloza chala atsogoleri amene ankaopa makhansala, ndipo tili ndi chifukwa. Komabe chiwerengero chija cha 14 chimatitsutsa tonse. Chinthu chimene eni ake sanachidzukire m'mamawa, wolanda sachita nacho mantha. Khansala amene wapirira zisankho zitatu wanyamula luso limene dziko lino linalitaya kawiri konse, ndipo tsiku lina munthu akadzabweranso ndi maganizo oti makhonsolo ayambe adikira kaye chifukwa ndalama zachepa, tidzakane msangamsanga.

2. Chinthu chabwino chikabwera ndi chikwapu, anthu amachida pamodzi ndi wochibweretsayo.

Domasi ndi malo amene boma ndi mishoni akhala akuyeserapo njira za chitukuko kwa zaka zoposa 100. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Church of Scotland kuno mu 1884. Mu 1929 kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi mabanja awo kudzaphunzira za ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka mudzi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mafumu ochokera m'maboma osiyanasiyana anayamba kubweranso kudzaphunzira kayendetsedwe ka madera awo. Kuyambira mu 1949 mpaka cha m'ma 1954, boma la atsamunda linayendetsa ntchito yapadera ya chitukuko cha m'midzi ya Domasi, motsogoleredwa ndi T. D. Thomson. Linkafuna kuona ngati ulimi wosamala nthaka, maphunziro a akuluakulu, ukhondo ndi timabwalo ta m'midzi tokambirana zachitukuko zingayendere pamodzi m'dera limodzi, kuti zikatheka pano zikafalikire kwina.

Nthawi yomweyo ndi imene agogo athu amaikumbukira ndi malimidwe. Alangizi ankalamula kupanga mizere yopingasa ndi kukumba migula, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa. Mkwiyo wa malimidwe, nkhani ya malo ndiponso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinaphatikizana, ndipo mu 1953 m'chigawo cha kummwera munabuka zipolowe zimene anthu anafa nazo. Chodabwitsa n'chakuti malangizo ambiri a nthawi imeneyo anali oona. Lero tikupanga tokha mizere yopingasa, tikubzala udzu wa vetiva m'migula, ndipo tikudandaula kuti nthaka ya m'mapiri ikukokolokera mumtsinje wa Domasi. Chimene chinaipa chinali kabweretsedwe kake: munthu ankauzidwa zochita m'munda wake womwe, popanda womufunsa maganizo.

Khansala wa lero ali ndi mphamvu yokhala nawo popanga malamulo ang'onoang'ono a khonsolo, ndipo nkhani zimene zikumudikira n'zoyaka moto: makala ochokera m'nkhalango ya Zomba ndi Malosa, kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, nyengo yotseka usodzi pa Chilwa, ana opezeka m'misika nthawi ya sukulu. Khansala watsopano amafulumira kukavomereza lamulo ku Zomba n'kubwera nalo kumudzi litapsa kale. Amene wakhalitsa anaphunzira kuyamba wapita pabwalo la a gulupu, kukhala pansi pamodzi ndi wootcha makala yemweyo, kumva kuti thumba limodzilo ndilo fizi ya mwana ndi ndiwo za sabata yonse, kenako n'kufunafuna naye njira. Zimatenga miyezi, ndipo nthawi zina amatuluka pabwalopo atanyozedwa. Koma lamulo limene anthu analikambirana amalilondera okha, pamene lobwera ndi galimoto limatha mphamvu galimotoyo ikangokhota.

3. Adziwe ntchito yake, nafenso tiidziwe.

Khansala samanga mlatho ndi ndalama ya m'thumba mwake, ndipo sagwira makiyi a ndalama za khonsolo. Ogwira ndalama ndi kulemba ntchito makontirakitala ndi a ku ofesi ya DC. Ntchito ya khansala ndi kutenga zofuna za anthu kuchokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC) n'kukazimenyera kuti zilowe mu ndondomeko ya chitukuko cha boma, kuvomereza bajeti, kupanga malamulo ang'onoang'ono, ndi kulondoloza ngati a ku ofesi akuchita zimene khonsolo inagwirizana. Zambiri mwa zimenezi zimachitikira m'makomiti a zachuma, zamaphunziro, zaumoyo, zomangamanga ndi ena otero, kumene kulibe wowomba m'manja kapena wojambula chithunzi.

Kumeneko n'kumene kumaoneka kusiyana kwa zaka. Mapepala a khonsolo amabwera ochindikala, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri a zachuma, ndipo kawirikawiri amafika mochedwa. Chaka choyamba khansala amangogwedeza mutu. Amene anadzichepetsa n'kupempha wina kuti amuphunzitse kuwerenga bajeti, pofika chaka chachisanu amatha kuona kuti ndalama ya mafuta a galimoto yakula pamene ya kukonza mijigo yafota, n'kufunsa chifukwa chake. Funso limodzi lotero, lofunsidwa pa nthawi yake, limapulumutsa ndalama yoposa imene iyeyo angagawe m'manja moyo wake wonse. Tsoka lake, ife kumudzi sitilimva funsolo, ndiye sitiliwerengera.

4. Khansala wakuba nthawi zambiri timamuumba tokha pamaliro.

Mfundo iyi ndi yowawa, koma tisaithawe. Mu 2000 dziko lino linali ndi mawodi oposa 800. Lamulo litasinthidwa mu 2010 anachepetsedwa, moti mu 2014 analipo 462, ndipo pa chisankho cha 2025 anafika 509. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi oposa 17.5 miliyoni, kutanthauza kuti pa nthawiyo khansala mmodzi ankayimirira anthu pafupifupi 38,000. Pa anthu ochuluka chotero, sabata siitha popanda zovuta. Foni imalira m'bandakucha: "A khansala, kuno kwagwa zovuta, tikusowa bokosi." Asanabwereko kumandako, wina akudikira pakhomo ndi kalata ya fizi, wina akufuna galimoto yotengera wodwala ku chipatala cha Domasi kapena ku St Luke's ku Malosa, a kwaya akufuna yunifolomu, anyamata a mpira akufuna chikho.

Munthu ameneyu salandira malipiro ofanana ndi a phungu. Amalandira kangachepe ka pamwezi ndi maalawansi a misonkhano, ndipo ambiri njinga yamoto imene amayendera anaitenga pa ngongole. Ndiye ndalama ya mabokosi onsewa aitenga kuti? Pali njira ziwiri zokha. Ina ndi kugulitsa mbuzi zake ndi mpunga wake mpaka banja lake lisauke, ndipo alipo amene anachoka pampando ali amphawi kuposa mmene analowera. Inayo ndi kuyamba kumvana ndi kontirakitala kuti pa matumba a simenti a mdadada wa sukulu pachoke angapo. Tikamuyamika kuti ndi wopatsa chifukwa cha chipepeso chachikulu, osafunsa kumene chachokera, mwina tikuyamika denga la kalasi ya ana athu omwe limene lidzasasuke ndi mphepo ya Novembala.

Lamulo la zipani la 2018 limaletsa woyimira pa chisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Koma lamulo silingalowe m'siwa. Kumeneko n'kofunika mtima wa anthu eni ake. Kulira limodzi ndi ofedwa ndi umunthu, ndipo khansala amene safika pamaliro a anthu ake sayenera mpandowo. Abwere, akhale pansi ndi anamfedwa, apereke chimene munthu wina aliyense wa msinkhu wake angapereke, ndipo tichilandire osang'ung'udza. Bokosi ndi udindo wa abale, mpingo, mzikiti ndi mudzi, monga zinalili makhansala kulibe. Khansala amene wakhala zaka 11 manja ake ali oyera ndi amene anaphunzira kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, lero ndilibe," n'kupirira kutukwanidwa kumene kumatsatira.

5. Chikumbumtima cha zakale ndi chuma cha dera.

Ma DC amasamutsidwa. Akuluakulu a zomangamanga ndi azachuma ku khonsolo amabwera n'kupita. Mabungwe amafika ndi pulojekiti ya zaka zitatu, kukhoma chikwangwani n'kunyamuka. Amene amatsala ndi mfumu ndi khansala, ndipo mwa awiriwa amene ali ndi voti m'khonsolo ndi khansala. Akakhalitsa amasanduka nkhokwe imene dera limasungiramo zimene linaona. Amakumbukira kuti kontirakitala uyu anathawa ntchito ya nyumba ya mphunzitsi itafika pa mawindo, ndipo tsopano wabweranso ndi dzina la kampani lina. Amadziwa kuti mjigo wa pamudzi wakuti unakumbidwa nthawi ya dzinja madzi ali pafupi, n'chifukwa chake umauma mu Okutobala. Amadziwa kalavati imene imakokoloka chaka chilichonse chifukwa anaiika pamalo olakwika.

Kudera ngati lathuli kukumbukira kumeneku kumapulumutsa miyoyo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, asodzi a matemba n'kusowa kolowera. Namondwe wa Idai anatigunda mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023, Zomba ali m'gulu la maboma okhudzidwa. Khansala amene anaona zambiri mwa izi ali pampando amadziwa midzi imene imayamba kumira, sukulu imene ingasunge anthu othawa madzi, njira imene galimoto ya chithandizo ingadutse mlatho ukaduka, ndiponso mmene maina a anthu osavutika amalowerera pa mndandanda wa olandira ufa. Zimenezi sizilembedwa m'buku lililonse la ku ofesi. Ndiye pamene tikufuna kumuchotsa munthu chifukwa choti tatopa nayo nkhope yake, kapena chifukwa chipani chake chatuluka m'boma, tiyambe tadzifunsa ngati wobwerayo adzapeze womuuza zimenezi.

6. Kugwira ntchito ndi phungu, mfumu ndi DC popanda kukhala wantchito wa aliyense wa iwo.

Ubale wa khansala ndi phungu wakhala wovuta kuyambira kale, ndipo gwero lake ndi ndalama ndi mantha. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) linayamba mu 2006, nthawi imene makhansala kunalibe, ndiye aphungu analizolowera ngati lawolawo. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunawapatsanso mphamvu yovota m'khonsolo. Thumbalo linkakulirakulira mpaka kufika K200 miliyoni pa dera lililonse mu 2024. Makhansala atabwerera anapeza kuti phungu ndiye amaloza pomanga mlatho, nthawi zina ngakhale womanga wake, pamene mapepala ake amasainidwa ku khonsolo. Phungu naye amamuyang'ana khansala wolimbikira ntchito ndi diso la nkhawa, poganiza kuti chisankho chikubwerachi adzafuna mpando wake. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Chigamulo cha khoti chimalongosola malire a maudindo, koma sichiphunzitsa anthu kukhalirana. Khansala wanzeru salimbana ndi phungu pamsonkhano wa anthu kuti aoneke wamphamvu, ndiponso salola kusanduka mnyamata wonyamula chikwama chake. Kwa a T/A ndi magulupu amapita ndi ulemu wonse, podziwa kuti malo omangapo chipatala kapena msika amachokera kwa iwo, ndiponso kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto; koma mfumu ikafuna kudzaza komiti ya VDC ndi adzukulu ake, amaiuza zoona pambali. Kwa a DC amapita ngati mnzawo pa ntchito amenenso ali ndi udindo wowafunsa mafunso. Kuno kwathu kuli Ayao, Anyanja ndi Alomwe, Asilamu ndi Akhristu, ndipo mjigo sufunsa kuti wotunga amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Khansala amene amagawa chitukuko potsata kumene kunachokera mavoti ake akhoza kupambana kamodzi, koma amasiya chidani chimene ana ake adzachipeze.

7. Kukhalitsa kuli ndi matenda ake.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti aliyense wokhalitsa ndi wabwino. Zaka zomwezo zimene zimamuphunzitsa munthu kuona pamene ndalama ikudontha, zimamuphunzitsanso potchera chikho chake. Atadya nsima ndi a ku ofesi kwa zaka 10, kuwafunsa funso lowawa kumayamba kumulemera pakamwa. Misonkhano ya ku Liwonde ndi ku Mangochi, ya alawansi yogonera, imayamba kumukoma kuposa msonkhano wa ADC wa pansi pa mtengo wa mango. Popeza wapampando wa khonsolo ya boma amasankhidwa chaka ndi chaka pakati pa makhansala okhaokha, ena amathera mphamvu zawo zonse pa kampeni ya m'kati imeneyi, wodi ili yokhayokha. Pang'ono ndi pang'ono mlamu wake amapezeka ndiye wopereka mchenga, mphwake ndiye wotolera ndalama pamsika, ndipo mawu akuti "wodi yanga" amayamba kumveka ngati akunena munda wa makolo ake.

Malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma akhala akudandaula chaka ndi chaka za ndalama zotuluka m'makhonsolo a dziko lino popanda mapepala oikira umboni. Lipoti lotero likatuluka, funso lisamathere kwa a ku ofesi okha. Makhansala a mu komiti ya zachuma anali kuti? Amene wakhalamo nthawi yaitali ndiye woyamba kuyankha, chifukwa sanganene kuti anali asanazolowere.

Mankhwala a matendawa ndi kuwala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo limalola munthu wamba kufunsa mtengo wa ntchito, dzina la kontirakitala ndi tsiku loimaliza. Khansala woona mtima sadikira kufunsidwa. Amaimirira pamsonkhano n'kuwerenga yekha ziwerengerozo, kuzimata pa chipupa cha sukulu, ndi kuuza anthu ngakhale zimene zalephereka. Amene amakwiya mukamufunsa za ndalama wakuuzani kale yankho.

8. Tikiti ya pamsika ndi pangano.

Mayi wogulitsa tomato ndi nthochi pa Songani amadula tikiti tsiku lililonse la msika, malonda ayende asayende. Ndalama zambiri za khonsolo zimachokera ku likulu, ndipo ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene boma limatolera, lonjezo limene makhonsolo akhala akudandaula kuti silikwaniritsidwa. Koma ndalama ya mayi uja ndi imene imatuluka m'chitenje mwachindunji. Iye akuyembekeza chimbudzi chaukhondo, madzi, shedi yobisalamo mvula ndi kuchotsedwa kwa zinyalala. Zaka za khansala aliyense tikhoza kuziyeza poyenda mumsika wa m'wodi yake m'mwezi wa Januwale.

9. Wotumikira bwino amakonza womulowa m'malo, ndipo amadziwa nthawi yochoka.

Pa ndalama ya K100 pali nkhope ya James Frederick Sangala, amene anabadwira kufupi ndi kuno ndipo anaphunzitsapo ku Domasi m'zaka za m'ma 1920. Sanali khansala, koma moyo wake uli ndi phunziro kwa aliyense wotumikira dera. Anagwira ntchito zaka zambiri m'mabungwe a anthu akuda a ku Blantyre, kulemba makalata ndi kulumikiza anthu a m'maboma osiyanasiyana, mpaka Nyasaland African Congress inabadwa mu 1944. Mtsogoleri woyamba sanakhale iye. Anakhala Levi Mumba. Sangala anadzatsogolera bungwelo patapita zaka 10, mu 1954, ndipo mu 1957 anasiya, ntchito n'kupitirira m'manja mwa ena. Chimene anachiyambitsa chinakula kumuposa, chifukwa sanachimangirire pa dzina lake.

Khansala amene wakwanitsa zisankho zitatu adzifunse kuti ndi achinyamata angati amene wawatenga kupita nawo ku msonkhano wa khonsolo kuti akaone mmene bajeti imakambidwira. Domasi ali ndi koleji ya aphunzitsi, ali ndi Malawi Institute of Education kumene kumakonzedwa maphunziro a sukulu za dziko lonse, ali ndi malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba. Anthu ophunzira sasowa, koma ambiri amauona ukhansala ngati ntchito ya anthu osowa chochita. Adzifunsenso za amayi. Pa chisankho cha 2014, m'dziko lonse amayi 56 okha ndi amene anapambana ukhansala, chonsecho otunga madzi pamjigo, odikirira odwala kuchipatala ndi odula tikiti pamsika ambiri ndi iwowo. Mayi amene wayendetsa bwino banki m'khonde kapena komiti ya sukulu kwa zaka zisanu ali ndi luso lokwanira kuyamba nalo. Akusowa munthu womuuza kuti ayime, ndi womuteteza pamene achipongwe ayamba kumutukwana pa kampeni.

Tsiku likadzafika loti miyendo yalema kapena anthu asankha wina, apereke mafayilo onse, amuyendetse mnzakeyo m'wodi monse, amuonetse ntchito zosatha ndi makontirakitala oyenera kuwachenjerera. Ndipo inu owerenga, musadikire 2030. Funsani a gulupu tsiku la msonkhano wa ADC wa m'dera lanu, mupiteko, ndipo mukawapemphe a khansala anu kuti akuwerengereni ntchito zimene zili mu bajeti ya chaka chino ndi ndalama zake.